MUTU 6: MAHOMONI, UBONGO NDI MOTO WA M'THUPI

Chiyambi

Mukaima pa Chitungwiza Town Centre m'mawa wa mwezi wa June, cha m'ma 6 koloko, mudzaona anthu ali pamzere kudikira makombi opita ku Harare. Abambo manja ali m'matumba, amayi afunda nsalu pamwamba pa majuzi, ndipo aliyense akayasamula pakamwa pakutuluka nthunzi. Tauniyi ili pamalo okwera, mamita oposa 1,400, motero m'miyezi ya June ndi July kukamacha kumazizira mpaka madigiri 7 kapena kutsikirapo. Anzathu olankhula Chishona nyengoyi amaitcha chando. Inu amene mukuphunzitsa ku Dedza, ku Mzuzu, ku Ulongwe kapena ku Lichinga simufunika kuuzidwa za chisanu chotere. Tayambira ku Chitungwiza chifukwa nakonso ndi kwathu: ku St Mary's ndi ku Zengeza kuli mabanja ambiri amene makolo awo anachokera ku Malawi, ku Zambia ndi ku Mozambique, ndipo kuyambira mu 2013 malamulo aakulu a dziko la Zimbabwe amawerengera Chichewa m'gulu la ziyankhulo 16 zovomerezeka.

Tsono tayang'anitsitsani anthu ali pamzerewo. Mphepo ndi imodzi. Koma mwana wasukulu uyu akunjenjemera mpaka mano kuombana, pamene mnzake wa msinkhu womwewo wavula juzi n'kulimanga m'chiuno. Chapatali apo mayi wina wachikulire wogulitsa tomato akudzikupiza ndi katoni, thukuta lili pamphumi, m'chisanu chomwecho. Mukanati muwayeze onsewa, ambiri mukanawapeza ali pafupi ndi madigiri 37 m'kati mwa thupi. Nanga ndani amasonkheza moto umenewu? Ndipo bwanji ena amavutika kuusunga kuposa anzawo?

Zolinga

Pomaliza pa mutu uno muyenera kutha:

1. kufotokoza kumene kutentha kwa thupi kumachokera;
2. kulongosola mmene mahomoni a chithokomiro, a mafuta a m'thupi ndi a ubereki amafikira ku ubongo n'kusintha kutenthako;
3. kuzindikira mwana kapena wophunzira wamkulu amene kuzizidwa kwake kapena kutenthedwa kwake kukufunika chipatala.

Mutuwu mungaumalize m'maola atatu. Musathamange. Mayina ena ndi achilendo, koma simukuyenera kuwaloweza onse.

Motowu umachokera kuti?

Chakudya ndicho nkhuni za thupi. M'maselo athu muli tizigawo ting'onoting'ono totchedwa mitochondria, m'mene shuga ndi mafuta zimaphwanyidwa mothandizidwa ndi mpweya wa okosijeni kuti zitulutse mphamvu. Mphamvu ina imagwira ntchito, monga kugunditsa mtima, koma yambiri imasanduka kutentha. Munthu wamkulu atangokhala phee amatulutsa kutentha kofanana ndi kwa babu lakale lija la mawati 100. N'chifukwa chake chipinda cha ana 60 chimafunda pofika nthawi ya buleki ngakhale mulibe mbaula. Chiwindi, ubongo, mtima, impso ndi minofu ndizo zimapereka kwambiri kutentha kwa tsiku ndi tsikuku.

Kukazizira, thupi limayamba ndi kutseka mipata yotayira kutentha. Mitsempha ya magazi ya pakhungu imafinyika, magazi ofunda amatsalira m'kati, zala n'kuchita dzanzi. Mwana amene akulemba mokhotakhota m'phunziro loyamba mu July, mwina si ulesi ayi, zala zauma basi. Zimenezi zikapanda kukwanira, minofu imayamba kunjenjemera. Kunjenjemera kwamphamvu kungachulukitse kutentha kopangidwa ndi thupi mpaka kasanu, koma kumadya nkhuni zambiri ndipo kumatopetsa.

Pali njira yachitatu imene mabuku athu akale sankaitchula kwenikweni. M'thupi muli mafuta a mitundu iwiri. Mafuta oyera, aja a pamimba ndi m'ntchafu, ali ngati nkhokwe. Koma palinso mafuta ofiirira, odzaza ndi mitochondria, amene ntchito yake si kusunga koma kuyaka. Ali ndi puloteni yotchedwa UCP1 imene imachititsa kuti mphamvu ya chakudya ituluke yonse ngati kutentha, popanda kunjenjemera. Makanda ali nawo ambiri pakati pa mapewa, m'khosi ndi mozungulira impso, pakuti khanda silitha kunjenjemera bwino. Kwa zaka zambiri madokotala ankaganiza kuti mafuta amenewa amatha munthu akamakula. Mu 2009 magulu atatu a akatswiri, ku Boston, ku Maastricht ndi ku Turku m'dziko la Finland, anasonyeza m'magazini ya New England Journal of Medicine kuti akuluakulu ambiri ali nawobe, makamaka m'munsi mwa khosi, ndipo amayaka munthu akazizidwa.

Wosonkheza moto

Pansi pa ubongo, chakumbuyo kwa maso, pali kachigawo kolemera magalamu 4 okha kotchedwa hypothalamus. Mbali yake yakutsogolo imalandira uthenga kuchokera pakhungu wonena mmene kunja kulili, komanso imamva yokha kutentha kwa magazi amene akudutsa pamenepo. Ikatero imalamula. Malamulowo amayenda m'mitsempha ija imene imagwira ntchito ife osaiuza, yotchedwa sympathetic. Mitsempha imeneyi ikafika pa mafuta ofiirira imatulutsa mankhwala otchedwa noradrenaline, mafutawo n'kuyaka. Ndiyonso imafinya mitsempha ya magazi ya pakhungu ndi kutulutsa thukuta.

Mabuku ambiri amayerekeza hypothalamus ndi kachipangizo ka mu simbi yamagetsi kamene kamazima ndi kuyaka kokha. Fanizoli ndi labwino, koma ine ndimaliona loperewera. Simbi sifunsa ngati mu mita mwatsala mayunitsi. Hypothalamus imafunsa. Ifanana kwambiri ndi mayi wa pakhomo amene asanakoleze mbaula amayamba wasuzumira m'thumba la makala, n'kuganiza za masiku amene atsala kuti mwezi uthe, n'kuganizanso ngati m'nyumbamo muli khanda kapena wodwala. Ndiye amasankha kuthira makala odzaza mbaula kapena ongokwanira kuphika nsima.

Amene amabweretsa nkhani zimenezi kwa mayiyu ndiwo mahomoni. Mahomoni ndi mankhwala amene thupi limadzipangira lokha m'chiwalo china n'kuwatumiza m'magazi kuti akapereke uthenga kwina. Dzinali analiyambitsa Ernest Starling ku London mu 1905. Homoni iliyonse ili ngati kiyi: imayenda thupi lonse koma imatsegula pokhapokha pamene pali loko wake. Ubongo uli ndi mpanda woletsa zinthu zambiri za m'magazi kulowa, koma chakumunsi kwa hypothalamus mpandawo uli ndi kachipata, ndipo maselo a pamenepo ali ndi maloko a mahomoni ambiri.

Ntchito 1

Tsekani bukuli. M'kope lanu jambulani munthu, ndipo sonyezani ndi mivi njira imene uthenga wa kuzizira umayenda kuchokera pakhungu mpaka mafuta ofiirira atayaka. Mukatha yerekezani ndi zimene mwawerenga. Ngati muvi wanu wachoka pakhungu n'kulunjika ku mafuta osadzera ku ubongo, bwererani muwerengenso.

Chithokomiro

Kutsogolo kwa khosi, m'munsi mwa kholingo, kuli kachiwalo kooneka ngati gulugufe kotchedwa chithokomiro. Ambiri timachidziwa chikatupa. Chimapanga mahomoni awiri, T4 ndi T3. Manambalawo akunena kuchuluka kwa tinthu ta ayodini timene tili pa homoni iliyonse. T4, imene imatchedwanso thyroxine, anaipatula koyamba Edward Kendall ku America mu 1914. T3, yomwe ndiyo yamphamvu kwenikweni, anaipeza Jack Gross ndi Rosalind Pitt-Rivers ku London mu 1952. Chithokomiro chimatulutsa kwambiri T4, ndipo ziwalo zina zimachotsapo kanthu kamodzi ka ayodini kuti isanduke T3 pamene yafunikira.

Chithokomiro sichidzilamulira chokha. Hypothalamus imatulutsa homoni yotchedwa TRH, imene imapita ku kachiwalo kangati nyemba kolendewera pansi pa ubongo, kotchedwa pituitary. Ako kamatulutsa TSH, ndipo TSH ndiyo imauza chithokomiro kuti chigwire ntchito. T4 ndi T3 zikachuluka m'magazi, ubongo umachepetsa TRH ndi TSH. Zikachepa, umawonjezera. Mwaona tsono chifukwa chake khosi limatupa ayodini akasowa? Ubongo ukungotumiza TSH, kufuula kuti "onjezerani," koma chithokomiro chilibe zipangizo. Chimangokula poyesa kukola kaayodini kochepa kamene kalipo.

Kuyambira mu 1895, pamene Adolf Magnus-Levy ku Germany anayeza n'kupeza kuti odwala chithokomiro chothamanga amagwiritsa ntchito okosijeni wambiri, chiphunzitso chinali chakuti mahomoniwa amapita ku selo lililonse la chiwindi, mtima ndi minofu n'kulifulumizitsa. Zimenezi ndi zoona ndithu, ndipo mupitirize kuphunzitsa choncho. Koma si nkhani yonse.

Mu 2010 gulu la Miguel López wa ku yunivesite ya Santiago de Compostela ku Spain, pamodzi ndi Antonio Vidal-Puig wa ku Cambridge, linasindikiza m'magazini ya Nature Medicine zotsatira zimene zinasintha maganizo a ambiri. Anatenga T3 wochepa kwambiri n'kumuika mwachindunji m'katikati mwa hypothalamus ya makoswe, osati m'magazi. Mitsempha ya sympathetic inadzuka, mafuta ofiirira anayamba kuyaka, ndipo makoswewo anatsika sikelo ngakhale ankadya monga mwa masiku onse. Atatseka maloko a T3 pamalo amodzi omwewo mwa makoswe amene anali ndi mahomoni a chithokomiro ochuluka thupi lonse, kuwonda kuja kunabwerera m'mbuyo. Anapezanso mmene zimachitikira. M'maselo muli enzaimu yotchedwa AMPK, imene ili ngati geji ya mafuta m'galimoto: imadzuka mphamvu ikachepa n'kunena kuti "tisunge." T3 ikafika pa hypothalamus imaigonetsa AMPK, ubongo n'kumva ngati nkhuni zilipo zambiri, n'kulamula kuti moto usonkhezedwe.

Taonani kusiyana kwake. Kale tinkati homoni imapita yokha kukakoleza mbaula iliyonse. Tsopano tikudziwa kuti imapitanso kwa mwini nyumba kukamuuza kuti alamule. Kumbukirani kuti ntchito imeneyi inachitika pa makoswe, amene ali ndi mafuta ofiirira ambiri kuposa ife poyerekeza ndi kukula kwa thupi. Mukamaphunzitsa nenani zimenezo poyera.

Za mchere wa ku Zimbabwe

Nkhaniyi si ya ku Spain kokha. Mu 1988 dziko la Zimbabwe linachita kafukufuku m'masukulu a pulayimale n'kupeza kuti ana oposa 40 mwa ana 100 alionse anali ndi chithokomiro chotupa. Dothi la madera okwera a kuno kwathu, kutali ndi nyanja yamchere, lili ndi ayodini wochepa, motero chimanga ndi masamba omera pamenepo nazonso zimakhala ndi wochepa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 mchere wothira ayodini unafalikira m'dziko lonse, ndipo kutupa khosi kunachepa kwambiri. Chimenechi chinali chipambano chachikulu, pakuti kusowa ayodini sikutupitsa khosi kokha, kumawononganso ubongo wa mwana ali m'mimba.

Koma mu 1995 Charles Todd ndi madokotala anzake a ku Harare analemba m'magazini ya The Lancet kuti odwala chithokomiro chothamanga anali atachuluka pafupifupi katatu m'zaka zochepa chabe. Ambiri anali achikulire amene zithokomiro zawo zinali zitatupa kwa zaka zambiri ndi kuchita timibulu tosamvera TSH. Ayodini atabwera mwadzidzidzi, ndipo mchere wina unali ndi wopyola muyeso, timibuluto tinayamba kupanga mahomoni mosaletseka. Zizindikiro zake ndi zomwe mungayembekezere mutawerenga ndime zapitazi: kumva kutentha pamene ena akuzizidwa, thukuta, kuwonda munthu akudya bwino, mtima kuthamanga, manja kunjenjemera. Zimene zinachitika ku Zimbabwe zinathandiza kuti mabungwe a zaumoyo a padziko lonse aunikenso muyeso wa ayodini wothira mu mchere ndi kulimbikitsa kuuyeza kawirikawiri.

Musatengepo phunziro lolakwika apa. Ndamvapo anthu m'makalasi a sukulu za kwacha akunena kuti mchere wa m'paketi umadwalitsa, bola wamiyala wogula pamsika. Iyayi. Munthu wamkulu amafunika mamaikulogalamu 150 a ayodini patsiku, kanthu kochepa zedi, koma akasowa mtengo wake amalipira ndi ana. Vuto la nthawi ija linali la muyeso ndi kusinthira mwadzidzidzi. Auzeni ophunzira anu kuti azigula mchere wolembedwa kuti uli ndi ayodini, ndipo aziusunga m'chotengera chotseka, pouma.

Chithokomiro chaulesi chimapereka chithunzi chotembenuza: munthu amazizidwa ngakhale mu October, amatopa, khungu limauma, amanenepa, amadzimbidwa, ndipo kuganiza kumachedwa. Mwana wotere m'kalasi timafulumira kumutcha mbuli. Kuyeza magazi kamodzi kumaulula vutoli, ndipo mankhwala ake ndi kapiritsi ka thyroxine kamodzi patsiku.

Njala ndi kuzizidwa

Gawo ili ndilo likukukhudzani kwambiri inu aphunzitsi, choncho tikhalepo pang'ono.

Mu 1994 Jeffrey Friedman wa ku Rockefeller University ku New York anapeza homoni yopangidwa ndi mafuta oyera, aja tinati ndi nkhokwe. Anaitcha leptin. Mafuta akachuluka leptin amachuluka m'magazi. Akachepa, kapena munthu akakhala osadya, leptin amatsika. Kunena kwina, leptin ndi mwana amene mayi uja amamutuma kukasuzumira m'thumba la makala. Mbewa zobadwa zopanda leptin zimadya osakhuta n'kunenepa koopsa, koma chodabwitsa n'chakuti matupi awo amakhala ozizirirapo ndipo sizipirira chisanu. Nkhokwe ili yodzaza, koma poti palibe wokanena ku ubongo, ubongo ukuganiza kuti kuli njala.

Poyamba anthu ankayesa kuti apeza mankhwala ochepetsa thupi. Sizinatero. Amene anasonyeza ntchito yake yeniyeni anali Rexford Ahima, dokotala wochokera ku Ghana, akugwira ntchito ndi Jeffrey Flier ku Boston mu 1996. Anasalitsa mbewa chakudya masiku awiri. Leptin anatsika, ndipo mahomoni a chithokomiro ndi a ubereki anatsika naye. Koma mbewa zina zosala chimodzimodzi atazibaya leptin, mahomoni aja sanatsike kwambiri. Ndiye kuti kutsika kwa leptin ndiko belu la njala. Ubongo ukalimva umachepetsa TRH, chithokomiro chimafatsa, T3 amachepa, mitsempha ya sympathetic imachepetsa changu. Thupi lasankha kukhala lozizirirapo kuti nkhuni zifike patali.

Kwa anthu zimenezi zinaoneka kale leptin asanadziwike. Mu 1944 ndi 1945, pa yunivesite ya Minnesota, Ancel Keys anayesa anyamata 36 amene anadzipereka kudya pafupifupi theka la chakudya chawo kwa miyezi 6. Mphamvu imene matupi awo ankagwiritsa ntchito atapuma inatsika ndi magawo pafupifupi 40 pa 100. Mitima yawo inkagunda pang'onopang'ono, ndipo ankadandaula za kuzizira ngakhale m'nyengo yotentha, kupempha mabulangete owonjezera. Agogo athu amene anaona njala ya 1949 ku Nyasaland akanawauza zimenezi popanda sikelo.

Tsono bwererani kwa ana awiri aja a pa Town Centre. Wonjenjemerayo mwina juzi lake ndi lopyapyala. Koma mwinanso kwawo akhala akudya kamodzi patsiku kwa milungu ingapo. Akuluzanso pawiri: alibe mafuta pansi pa khungu otchinga mphepo, ndipo ubongo wake watsitsa moto dala. Kuwonjezera apo, kusowa kwa ayironi m'magazi, kumene n'kofala pakati pa atsikana amene ayamba kusamba ndi ana a njoka zam'mimba, kumafooketsa enzaimu imene chithokomiro chimapangira mahomoni ake, motero nakonso kumabweretsa kuzizidwa.

Tisiyanitse zinthu ziwiri. Kuphonya chakudya cha m'mawa tsiku limodzi sikugwetsa chithokomiro. Chimene mwana amataya tsiku lotero ndi kufunda kumene kumabwera thupi likamagaya chakudya, pakuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10 a mphamvu ya chakudya limatuluka ngati kutentha pogaya pomwepo. Kapu ya phala imafunditsa kawiri, poti ndi yotentha komanso poti ikugayidwa. Koma kutsitsa moto kochokera ku ubongo kumadza ndi njala ya masiku ndi milungu. Phala la kusukulu, monga lija bungwe la Mary's Meals linayamba kupereka ku Malawi, limathandiza mbali zonse ziwiri. Ine ndimati sukulu imene ikukambirana zoti ana ofika mochedwa mu June azipatsidwa chilango chotani, iyambe yafunsa kuti anawo anadya chiyani dzulo. Ndipo chilango choimika mwana panja m'mawa wachisanu, kapena chomuvula juzi poti si la yunifolomu, n'chosayenera konse kwa amene wawerenga mutu uno.

Pa ana onyentchera kwambiri nkhaniyi ndi ya moyo ndi imfa. Malangizo a bungwe la WHO amaika kuzizira kwa thupi, kutsika pansi pa madigiri 35 poyeza m'khwapa, pakati pa zinthu zoyambirira kuthana nazo pamodzi ndi kuchepa kwa shuga m'magazi. Mwana wotere angakhale ndi matenda aakulu thupi osatentha n'komwe, chifukwa alibe nkhuni zotenthetsera. Mufunditseni, mum'patse chakumwa cha shuga ngati akutha kumeza, ndipo mupite naye kuchipatala msanga. Makanda obadwa osakwana masiku nawonso mafuta awo ofiirira amakhala asanakwane. Njira yowafungatira pachifuwa, khungu kukhudza khungu, imene inayambira ku Bogotá mu 1978, inayesedwa pa chipatala cha mishoni cha Manama kummwera kwa Zimbabwe, ndipo lipoti la Nils Bergman la mu 1994 linasonyeza kuti inapulumutsa makanda ambiri kumalo kopanda makina ofunditsira.

Ntchito 2

Kwa sabata imodzi m'nyengo yozizira, lembani m'kope lanu lachinsinsi ana amene amaoneka ozizidwa kuposa anzawo. Musawafunse za kwawo pamaso pa kalasi. Onani zovala, thupi, m'kati mwa zikope ngati muli moyera, ndi khosi. Kodi ndi angati amene vuto lawo ndi juzi lokha?

Mahomoni a amayi

Nanga mayi wodzikupiza uja? Mahomoni a ubereki nawo ali ndi maloko awo pa hypothalamus. Dzira likatuluka, chapakati pa mwezi wa mayi, homoni ya progesterone imachuluka ndipo imakweza muyeso umene ubongo ukusunga ndi madigiri 0.3 mpaka 0.5. Thupi limakhala lofundirapo choncho mpaka msambo utayandikira. Amene amaphunzitsa kulera kwachilengedwe amagwiritsa ntchito chizindikiro chimenechi. Ophunzira anu aakulu akakufunsani, auzeni chilungamo: kutenthaku kumakwera dzira litatuluka kale, motero pakokha sikuchenjeza za masiku oopsa amene ali patsogolo pake. Atumizeni kwa anamwino a zakulera.

Homoni ina, estrogen, gulu la López linapeza mu 2014 kuti mwa makoswe imadzera njira ija ya AMPK kusonkheza mafuta ofiirira. Koma ntchito yake yodziwika kwambiri kwa anthu imaoneka ikasowa. Mayi akamasiya kusamba, kawirikawiri pakati pa zaka 45 ndi 55, estrogen amatsika. Naomi Rance wa ku yunivesite ya Arizona anapeza kuti kagulu kena ka maselo a mu hypothalamus, kamene estrogen amakakhazika mtima pansi, kamafufuma ndi kuchita phokoso estrogen akachoka. Maselowa amatulutsa mankhwala otchedwa neurokinin B amene amakafika pambali ija yoyeza kutentha n'kuinamiza kuti thupi lapsa. Ubongo umakhulupirira. Umatsegula mitsempha ya magazi ya pakhungu, nkhope ndi chifuwa zimatentha, thukuta limatuluka. Zindikirani kuti apa thupi silikupanga moto wowonjezera, likutaya umene lili nawo, n'chifukwa chake mphindi zochepa zikapita mayi yemweyo amayamba kuzizidwa. Mu 2023 dziko la America linavomereza mankhwala otchedwa fezolinetant amene amatseka loko wa neurokinin B. Kuno kwathu si opezeka wamba, koma akuchitira umboni kuti gwero la vutoli lili mu ubongo. Si ufiti, si matenda opatsirana, ndiponso si kudzimva. Mphunzitsi mnzanu wachikulire akatsegula zenera la mu ofesi mu July, musamuseke.

Thupi likatentha ndi matenda

Apa tidutsa mwachangu poti mudzakumana nazonso m'mutu wa matenda. Tizilombo tikalowa m'thupi, asilikali a m'magazi amatulutsa mankhwala amene amachititsa kuti pafupi ndi hypothalamus papangidwe prostaglandin E2. Imeneyi si homoni yoyenda ulendo wautali, ndi uthenga wa pafupi, koma imagwira pamalo omwe aja. Imakweza muyeso, tinene kuchoka pa 37 kufika pa 39. Thupi la madigiri 37 tsopano likuoneka lozizira kwa ubongo, ndiye umalamula kunjenjemera. N'chifukwa chake wodwala malungo amapempha bulangete thupi likuotcha. Muyeso ukatsikanso, thukuta limatuluka. Panado amachepetsa prostaglandin ameneyu, koma sapha kachilombo ngakhale kamodzi. Aspirin musapatse ana.

Kwa inu a ku Chitungwiza ndi ku Harare, kumene malungo safala chifukwa cha kukwera kwa malo, pali msampha. Mwana amene wabwera kuchokera kutchuthi kwa agogo ku Nsanje, ku Tete kapena ku chigwa cha Zambezi akayamba kunjenjemera m'kalasi, n'kosavuta kunena kuti ndi chando chabe. Mukhudzeni pamphumi, ndipo mufunseni kumene anali milungu iwiri kapena inayi yapitayo. Mwana wokulira kumalo kopanda malungo alibe chitetezo chimene asuweni ake akumudzi ali nacho, ndipo matendawa amamugwetsa msanga. Akuchipatala auzidwe za ulendowo kuti ayeze magazi.

Ntchito yotumiza

Yankhani mafunso onse atatu papepala, ndipo mutumize kwa mphunzitsi wanu wotsogolera pamodzi ndi ntchito ya Mutu 5.

1. Pogwiritsa ntchito TRH, TSH, T4 ndi T3, fotokozani chifukwa chimene khosi limatupira ayodini akasowa, ndiponso chifukwa chimene achikulire ena ku Zimbabwe anayambira kumva kutentha ndi kuwonda mchere wa ayodini utafika. Musapitirire tsamba limodzi.

2. Konzani phunziro la mphindi 35 la kalasi imene mumaphunzitsa, la mutu wakuti "Chifukwa chiyani timanjenjemera?" Mugwiritse ntchito zinthu zopezeka pasukulu panu. Fanizo la mayi ndi makala mwalimva kale, choncho pezani lanu lochokera m'dera lanulo, ndipo musonyeze pamene fanizo lanulo likulekezera kugwira ntchito.

3. Kholo labwera kudzadandaula kuti mwana wake wamkazi wa zaka 13 amangogona m'kalasi ndipo amavala juzi ngakhale mu October. Lembani mafunso asanu amene mungalifunse khololo, m'chiyankhulo chimene mungalankhule nalo, ndi kunena yankho limene lingakuchititseni kulilangiza kuti lipite ndi mwanayo kuchipatala sabata yomweyo.